Laputopu yakana Windows 11: Linux Mint, ChromeOS Flex, GhostBSD kapena Haiku?

Mlamu wanga amagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg. Abwana ake atagula laputopu yatsopano, yakaleyo anamupatsa iye: ThinkPad T440 yakuda, yolemera ngati njerwa, koma kiyibodi yake ili gwa. Loweruka lina anabwera nayo kwathu ku Rosettenville, kuno ku Joni, ataikulunga m'chitenje.

"Alamu, iyi ikungondiuza kuti Windows yake yatha nthawi. Ndiye kuti yafa?"

Sinafe ayi. Microsoft inasiya kutumiza zokonza za chitetezo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo chaka chimodzi chowonjezera chimene anapereka kwa olembetsa anachiikira malire pa 13 Okutobala 2026. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. T440 ndi ya m'badwo wa 4. Malaputopu ambiri amene timagula a kaunjika m'tauni, pa Facebook Marketplace kapena opatsidwa ndi mabwana ali m'gulu lomweli: injini ilipo, koma mwini sisitimu wawatembenukira msana.

Apa ndi pamene anthu amayamba kumva za masisitimu ena oyendetsa kompyuta, aja osadziwika kwenikweni. Ine ndayesapo anayi pa makompyuta a abale ndi anansi, ndipo ndiwayeza ndi miyeso inayi yomweyomweyo.

Miyeso yake

Woyamba ndi mtengo. Onse anayiwa ndi aulere, choncho amene akukugulitsani Linux, banja la masisitimu kumene Mint imachokera, akukugulitsani mphepo. Ndalama imapita ku data yotsitsira, ku fulashi, ndi ku nthawi imene mukanakhala pa ganyu.

Wachiwiri ndi kupezeka, ndipo sindikunena za kumene mungaitsitse kokha. Kodi Wi-Fi ya laputopu yanu iyaka? Pulinta imvera? Pulogalamu imene mumadyera ilipo? Nanga ikavuta, alipo munthu pafupi woidziwa, kapena mudzayenda nayo kuchoka ku Turffontein mpaka ku Fordsburg aliyense akupukusa mutu?

Wachitatu ndi kusamalira: imafuna dzanja lanu kangati, ndipo eni ake adzaisamala mpaka liti. Wachinayi ndi zoopsa, makamaka kutaya mafayilo ndi kukanika ntchito pa tsiku lofunika. Load shedding inachepa, inde, koma m'madera athu magetsi amangothima mawaya akabedwa, ndipo batire la laputopu ya zaka khumi siligwira moto ngakhale theka la ola. Sisitimu imene imasokonekera magetsi akathima ili pakati pa update ndi yoiganizira kawiri.

Musanawerenge zotsatirazi, tengani pepala mulembe pulogalamu imodzi imene simungagone musanaitsegule. Kwa mlamu wanga inali WhatsApp ndi cholembera makalata a gulu lawo la chipereganyu. Kwa mnyamata wina wosindikiza mabanala ku Mayfair inali CorelDRAW. Pepala limenelo lisankha kuposa mmene ine ndingakusankhireni.

Linux Mint

Mint inayamba mu 2006 ndipo inamangidwa pamwamba pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux. Ubuntu anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth, mbadwa ya dziko lomwe lino la South Africa, wobadwira ku Welkom, ndipo dzinalo ndi umunthu wathu womwewu m'chinenero cha eni dziko. Poiona koyamba, Mint imafanana ndi Windows 7: batani kumunsi kumanzere, wotchi kumanja, mafoda pamalo pake. Munthu sasochera.

*Mtengo.* Fayilo yoikira ndi pafupifupi 3GB, ndiye musaitsitse ndi bandulo ya masana. Pemphani Wi-Fi ya kuntchito kapena dikirani data ya usiku. Fulashi ya 8GB ikwana. Ikalowa imabwera kale ndi Firefox ndi LibreOffice, kotero za kugula kiyi ya Office kapena kuika ya chinyengo zatha. Eni ake amati RAM ya 2GB ikwana koma 4GB ndiye yomasuka, ndipo ine ndikuvomereza: ya 2GB imapuma movutikira mukangotsegula masamba anayi. Ngati muli ndi kandalama kapadera, gulani SSD mulowetse m'malo mwa hard drive yozungulira ija. Palibe china chimene chimautsa laputopu yokalamba kuposa chimenecho, kaya muikamo sisitimu iti.

*Kupezeka.* Apa Mint imawina anzake onse. Ma update mungathe kuwatenga pa mirror.ac.za, malo osungira mapulogalamu amene amayendetsedwa ndi TENET, bungwe la intaneti ya mayunivesite a muno, ndiye sachita kuwoloka nyanja. Wi-Fi ya Intel imayaka yokha. Ya Broadcom, imene imapezeka m'ma HP ndi ma Dell ena akale, imayamba yakana. Mankhwala ake ndi kulumikiza foni ndi chingwe cha USB, kuyatsa tethering, kenako kutsegula Driver Manager kuti itenge chosowacho. Mapulinta a HP ambiri amangogwira, Brother ndi Epson ali ndi ma driver awo a Linux, koma ma Canon ena otchipa akale amafuna kuwanyengerera.

WhatsApp Web, Gmail, YouTube, eFiling ya SARS ya za misonkho, zonse za mu browser zimayenda. Zoom ili ndi pulogalamu yake ya Linux. Teams mumalowera pa browser, chifukwa Microsoft inasiya ya Linux mu 2022. Za Mukuru ndi za kubanki ambiri timachitira pa foni, ndiye sizikhudzidwa. Zimene kulibe nazi: Word ndi Excel zenizeni zoika m'kompyuta, Photoshop, CorelDRAW, Pastel ya maakaunti. Ena adzakuuzani kuti pali Wine yoyendetsera mapulogalamu a Windows. Ilipodi, koma sindingaikire malipiro a munthu pa iyo.

Kumbali ya amisiri, zinthu n'zapakatikati. Ambiri okonza makompyuta m'tauni akaona chinthu chachilendo pa sikirini, mankhwala awo ndi amodzi: kufufuta zonse n'kubwezeramo Windows. Mukapititsa laputopu ya Mint kukasintha chaja kapena sikirini, nenani mawu omveka: "Bwana, za m'kati musakhudze."

*Kusamalira.* Mint 22, imene inatuluka mu Julayi 2024, idzalandira zokonza mpaka 2029. Kachishango kali pafupi ndi wotchi kamakuuzani kuti pali ma update, inu n'kusankha nthawi. Siidzizimitsa yokha muli pakati pa ntchito, ndipo siidya data mwakabisira. Kwa munthu wa bandulo yowerengera, chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira. Ilinso ndi Timeshift, imene imajambula mmene sisitimu inalili kuti zikasokonekera mubwerere pa dzulo. Koma dziwani kuti Timeshift imasunga sisitimu, osati zithunzi ndi makalata anu.

Kanthu kena kakang'ono kamene kanandikondweretsa: mukayatsa Compose key, kulemba ŵ ya Malaŵi ndi kungodina batanilo, kenako ^ ndi w. Pa Windows ndinkachita kukopera pa intaneti.

*Zoopsa.* Choyamba ndi CV. Mukailemba mu LibreOffice n'kuitumiza ngati fayilo ya Word, kwa abwana imatha kukafika mizere itasuntha, tsamba limodzi litasanduka awiri, chifukwa zilembo za Calibri kulibe ndipo m'malo mwake mumalowa zina. Tumizani PDF nthawi zonse. Mafayilo a Excel okhala ndi ma macro nawonso amavuta. Ophunzira a pa intaneti afunse kaye kusukulu kwawo, poti mapulogalamu ena oyang'anira mayeso, monga LockDown Browser, sayenda pa Linux.

Chachiwiri ndi dzanja lanu lomwe. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Mkulu wina wa kumpingo anandipatsa laputopu kuti ndimuikire Mint pambali pa Windows. Unali usiku, magetsi anali atangobwera, ndinali ndi changu choti ndimalize asanapitenso. Pa tsamba lofunsa za disiki ndinadina mzere wofufuta zonse. Munali zithunzi za mwambo womanga chiliza cha mayi ake ku Ntcheu, zimene anachita kutumiziridwa, ndipo foni imene zinachokera inali itabedwa kale. Mkuluyo sanakalipe. Anangoti, "Chabwino mwanawe, zachitika," n'kunyamula chikwama chake. Kukalipa kukanakhala bwino. Kuyambira tsiku limenelo sindiika sisitimu iliyonse ndisanaone ndi maso anga mafayilo atakopedwa pa disiki ina.

Ngati laputopu yanu ndi yakale zedi, ya 32-bit, Mint inasiya zoterozo kuyambira pa Mint 20. Pamenepo yang'anani antiX, yomangidwa pa Debian. Ndi yopepuka kwambiri koma yosakongola, ndipo imafuna munthu wosaopa kufufuza.

ChromeOS Flex

Iyi ndi ya Google. Inatuluka mu 2022, kuchokera ku CloudReady ya kampani ya Neverware imene Google inagula mu 2020. Mwachidule, imasandutsa laputopu yanu kukhala browser ya Chrome yokhala ndi kiyibodi.

*Mtengo.* Yaulere, ndipo imafuna RAM ya 4GB, malo a 16GB ndi fulashi ya 8GB. Koma walira mvula walira matope: pafupifupi chilichonse chimachitikira pa intaneti. M'nyumba ya fibre kapena rauta yopanda malire simudzamva kanthu. Wodalira hotspot ya foni adzaona bandulo ikusungunuka ngati mchere m'madzi.

*Kupezeka.* Mumaikonza pa fulashi kudzera mu Chromebook Recovery Utility, kachida kolowa mu Chrome. Google ili ndi mndandanda wa makompyuta amene inawayesa, ndipo pa iliyonse analemba chaka chimene adzasiye kuisamala. Yang'anani yanu pamenepo musanayambe. Ikasowa pa mndandanda ikhoza kuyendabe, koma palibe wolonjeza. Chimene chimakhumudwitsa ambiri n'chakuti Flex ilibe Play Store. Anthu amamva dzina la Google n'kuganiza kuti aikamo ma app a pa foni. Sizitheka. Malo oika DVD ndi kowerenga chala nazonso Google sinazilonjeze.

*Kusamalira.* Apa palibe woiposa. Imadzikonza yokha kumbuyo, inu n'kungoizimitsa ndi kuiyatsanso. Palibe antivirus, palibe zofufuza. Ndinaikira mayi wina wogulitsa zitenje ku Yeoville, ndipo chiikireni sanandiimbirepo foni ya dandaulo, pamene ali pa Windows ankandiimbira mwezi ndi mwezi.

*Zoopsa.* Poiika imafufuta disiki yonse; siikhala pambali pa Windows. Koma choopsa chenicheni kwa ife a ku Joni ndi akaunti. Chilichonse chimamangirira pa akaunti yanu ya Google, ndipo ambiri tinatsegula Gmail tili kumudzi ndi nambala ya TNM kapena Airtel imene inafa kalekale. Tsiku loiwala pasiwedi, uthenga wotsimikizira udzapita ku nambala imene mwina pano ili ndi munthu wina ku Mzimba. Sinthani nambalayo lero, musanaike Flex. Komanso Google Docs imagwira popanda intaneti pokhapokha mutayatsiratu zimenezo intaneti ikadalipo.

GhostBSD ndi FreeBSD

FreeBSD si Linux, ngakhale poiona zimafanana. Inayamba mu 1993, mizu yake ili ku yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo ndi yolimba moti makompyuta a Netflix otumiza mafilimu amayendera iyo, nayonso sisitimu ya PlayStation 4 inachokera pomwepo. GhostBSD ndi FreeBSD yovekedwa kale zovala, yokhala ndi mawindo ndi mbewa, kuti musayambire pa sikirini yakuda.

*Mtengo.* Ndalama ndi zomwezija za data ndi fulashi. Mtengo weniweni ndi masabata anu. GhostBSD imafuna RAM yochulukirapo kuti ingoyaka kuchokera pa fulashi.

*Kupezeka.* Firefox, Chromium, LibreOffice ndi VLC yoonerera mafilimu zilipo. Zoom ilibe pulogalamu yake. Choseketsa n'chakuti Netflix yomweyo, imene imatumizidwa ndi FreeBSD, siionetsa mwachindunji pa browser ya FreeBSD, chifukwa kachidutswa kotsegulira mafilimu otetezedwa ka Widevine sikanapangidwire sisitimuyi; pali njira zozembera, koma ndi zautali. Wi-Fi ndiye bala lake lalikulu: makadi ena sawaona n'komwe, ena amawaona koma liwiro lili la kamba. Bluetooth ndi kugoneka laputopu potseka chivindikiro zimadalira mtundu wa makina. Ma ThinkPad amachitako bwino. Za mmisiri m'tauni iwalani. Mmisiri ndinu nokha, ndi buku lawo la FreeBSD Handbook, limene kunena zoona linalembedwa bwino kuposa mabuku ambiri a makompyuta amene ndawerengapo.

*Kusamalira.* Apa pali chinthu chimene ndimachisirira. Kasungidwe kake ka mafayilo, ZFS, kamalola kuti musanachite update musunge chithunzi cha sisitimu yonse, ndipo zikalakwika mumangosankha chakale poyatsa. Magetsi akathima mwadzidzidzi, ZFS siisokonekera wamba. Koma mavuto ang'onoang'ono a tsiku ndi tsiku amathera pa kulemba malamulo ndi kusintha mafayilo a sisitimu pamanja.

*Zoopsa.* Kufika pa tsiku la intavyu ya pa Zoom n'kupeza kamera kapena maikolofoni sizikumveka, popanda woti n'kumuimbira. Ine ndinakhala nayo miyezi iwiri pa laputopu yanga yachiwiri, ndinaphunzira zambiri, koma kalata iliyonse yofunika ndinkakalembera pa inzake.

Haiku

Iyi ndiyo yachilendo kwambiri, ndipo ndiyo imandisangalatsa kuposa zonse, ngakhale sindingaipereke kwa mlamu wanga. Ndi mdzukulu wa BeOS, sisitimu ya m'ma 1990 imene kampani yake inagulitsidwa kwa Palm mu 2001. Chaka chomwecho anthu odzipereka anayamba kuimanganso, ndipo mpaka pa beta 5 ya mu Seputembala 2024 anali akuitchabe yoyeserera.

*Mtengo.* Yaulere, ndipo RAM imene imafuna siifika ngakhale 1GB. Kompyuta imene munkafuna kutaya ku bini ikhoza kuyaka m'masekondi ochepa.

*Kupezeka.* Ili ndi browser yake, WebPositive, imene masamba olemera a masiku ano amaigonjetsa. M'sitolo yake ya HaikuDepot muli LibreOffice, VLC ndi ma browser ena. Za kuimbirana pa vidiyo ndi mapulinta musawerengere.

*Kusamalira.* N'kosavuta, poti zinthu zake n'zochepa.

*Zoopsa.* Haiku ndi ya munthu mmodzi: siifunsa pasiwedi poyaka, ndipo aliyense woitsegula ndi mwini nyumba. Ganizirani mmene ambiri timakhalira kuno, anayi m'chipinda chimodzi, chitseko chotsekedwa ndi katani. Makope a pasipoti, mapepala a permit ndi za kubanki sizoyenera kukhala m'menemo.

Wina adzakutchulirani ReactOS, imene cholinga chake ndi kuyendetsa mapulogalamu a Windows popanda Windows. Ntchitoyo inayamba m'ma 1990 ndipo eni ake omwe amati ikadali pa alpha, gawo loyambirira la kuyesera. Ionereni pa YouTube basi.

Ndani atenge iti

Zonsezi mungathe kuziyatsa kuchokera pa fulashi osakhudza disiki, ndipo ndi kachida kotchedwa Ventoy mutha kuika ma Linux angapo pa fulashi imodzi. Yesani zinthu zisanu: Wi-Fi, mawu, kamera, pulinta, ndi pulogalamu ija munalemba pa pepala. Kenako sankhani imodzi mukhazikike. Ndaona anyamata akusintha sisitimu sabata iliyonse mpaka kutaya ma assignment. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Wolemba makalata, ma CV, ma invoice a kabizinesi ka mapaipi kapena ka matailosi, woonera mpira ndi kuyankha WhatsApp, makamaka ngati data ndi yogula pang'onopang'ono: Linux Mint. Ngati RAM ndi 4GB kapena kucheperapo, tengani mtundu wa Mint wotchedwa Xfce, ndiwo wopepukirapo.

Wogulira makolo kapena ana a sukulu, m'nyumba muli Wi-Fi yokhazikika, ndipo simukufuna kuimbiridwa foni usiku: ChromeOS Flex, mutakonza kaye nambala ya pa Gmail. Koma ngati laputopuyo mukuikweza basi pa Park Station kuti ikagwire ntchito kumudzi kumene netiweki imachita kusakidwa pa chulu, Flex ayi. Ikani Mint, muchitiretu ma update onse muli konkuno, muikemonso VLC ndi mabuku amene akufunika.

Wophunzira za ma server ndi ma network amene akufuna ntchito ya IT: GhostBSD kapena FreeBSD yeniyeniyo, pa kompyuta yachiwiri. Wokonda kutokosa zinthu amene ali ndi kompyuta yakale yongokhala: Haiku, koma musasungemo mapepala.

Amene mumadyera CorelDRAW, Photoshop, Pastel kapena Excel ya ma macro, musadzivute ndi zonsezi. Sungani ndalama mugule ya kaunjika ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo imene imalandira Windows 11 mwachilungamo. Njira yokakamiza Windows 11 pa makina akale kudzera mu Rufus ilipo ndipo imagwira, koma Microsoft inanena kuti siilonjeza ma update pa makina otero. Mnyamata wa mabanala uja anachita zogula ina, ndipo yakale tinaikamo Mint kuti izilandira maoda a pa WhatsApp pakauntala.

Ya mlamu wanga tinaikamo Mint ya Cinnamon, mtundu wake waukulu, titakopera kaye zithunzi zonse pa disiki ina, iye ataima pambali panga kuziwerenga. Wi-Fi inayaka yokha. Kaundula wa chipereganyu ali mu LibreOffice Calc, ndipo kumapeto kwa mwezi amamusandutsa PDF n'kutumiza ku gulu. Batire lokha ndi limene likudikira malipiro a mwezi wamawa.